Mbendera Yofiira pa Maliro a Agogo Anu

Ana anga, mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga inali ya kumudzi, ya denga la udzu, ndipo aphunzitsi ankati ndimalemba bwino chifukwa choopa kulakwitsa, osati chifukwa cha nzeru. Amene amalemba mbiri zawo ndi aja anamanga milatho kapena kulamulira maofesi. Ine ntchito yanga inali kunyamula kansalu kofiira pandodo. Koma mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene amayi achibemba a ku Kanyama amanditchulabe Mzukwa wa pa Kwale, imvi zili mbuu kumutu kuno, ndipo nthawi zonse ndimangoseka n'kusintha nkhani. Pakamwa sindingathe kuyankha, choncho ndiyankha papepala.

Chaka chimene ndinalowa ntchito

Ndinafika ku Lusaka kuchokera kwathu ku Katete mtengo wa mkuwa utayamba kale kugwa, anthu akuchotsedwa ntchito pamene ine ndinali kuifuna. Malume anandipezera malo pa kwale ina kumalire a komboni ya Kanyama, pamene ankakumba mwala woyera wopangira laimu ndi wothira m'misewu. Kampaniyo inafa kale, dzina lake life nayo. Woyang'anira wanga anali ba Chanda, Mbemba wochokera ku migodi ya ku Kopala, yekhayo amene anali ndi chilolezo chophulitsa miyala. Khutu lawo limodzi linali logontha, motero ankalankhula ngati akuitana munthu wa tsidya la mtsinje.

Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Iwe wa kum'mawa, wadya mbewa zingati lelo?"

Ine ndinavula chipewa n'kuyankha kuti, "Sindinadye, bwana."

Anthu onse anagwa nako kuseka. Ndinayenera kubweza, kuwafunsa za anyani amene Abemba amati amadya, koma sindinkadziwa. Pakati pa ife a kum'mawa ndi Abemba pali chimbuya. Timatukwanana popanda mlandu, ndipo pa maliro athu iwo ndiwo amalamulira, monganso ife pa maliro awo: amaphika, amanyamula bokosi, amapaka anamfedwa ufa kumaso, amachita zamanyazi zonse kuti olira apumeko, ndipo palibe amene angawagwire dzanja. Kwathu kumudzi kunalibe Mbemba ndi mmodzi yemwe, choncho zonsezi ndinaziphunzira mochedwa.

Kale kwaleyo inali patchire, koma komboni inakula mpaka nyumba zoyamba zinafika pafupi ndi waya wa mpanda. Tinkaphulitsa masana, dzuwa lili pamutu. Masiku amenewo zinthu zinali ndi dongosolo. M'mabowo oboola mumwala tinkaikamo tizipangizo tochokera kunja tochititsa kuti onga aphulike bowo limodzi, kenaka linzake, osati onse pamodzi, kuti nthaka isagwedezeke kwambiri. Pamwamba tinkayala matayala akale omangidwa pamodzi kuti miyala isauluke. Panali sailini yochenjeza anthu, ndiponso kabokosi ka singano kamene tinkaika pakhonde la nyumba ina kuti kayeze kugwedezeka. Ine anandipatsa mbendera. Ndinkayenda m'mizere yoyamba ya nyumba kutulutsa anthu, apite ku bwalo la mpira kuseri kwa msika. Ndikatsimikiza kuti simunatsale munthu, ndinkakwera pamulu wa dothi woonekera kukwale n'kutsitsa mbendera, ndipo pamenepo ba Chanda ankadina batani lophulitsira.

"Mvela, mudya mbewa," anandiuza tsiku lina atasiya nthabwala. "Ine kuja sinikuona vinyumba, nikuona chabe iyo nsalu. Ikakhala pamwamba, olo manijala anigwadile, siniphulitsa. Ikatsika, ninshi wakamba kuti kulibe munthu. Osanama na iyo nsalu."

Ndinaikonda ntchitoyo chifukwa sinkafuna mawu ambiri.

Zaka za mizere

Inu simunaone nthawi imene munthu ankaona mzere n'kuyamba waimapo, kufunsa pambuyo chimene akugulitsa. Ufa, sopo, mafuta ophikira, zonse zinali za mzere, ndipo nthawi zina unkafika pakhomo la sitolo katundu atangotha kumene. Umphawi womwewo unalowa pakwale. Singano ya kabokosi kaja inathyoka, kabokosiko anakatumiza kokonza ndipo sikanabwerenso. Sailini inapsa, tinapachika chidutswa cha njanji pamtengo n'kumachimenya ndi hamala. Kenaka tizipangizo tochedwetsa tija tinaleka kubwera. Kuyambira pamenepo mabowo onse ankaphulika nthawi imodzi, ndipo nthaka inkadumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu. Mbale zinkagwa m'makabati, makanda ankadzidzimuka n'kulira mpaka kutha mawu, odwala ankawanyamula pamphasa tsiku ndi tsiku kupita nawo ku bwalo la mpira. Fumbi loyera linkakhala pamadenga, pazovala zoyanika, pamasamba ogulitsa kumsika. Makoma anayamba kung'ambika.

Popeza ndine amene ndinkaoneka m'komboni, madandaulo onse ankabwera kwa ine. Ndinakawauza a manijala, munthu wotopa amene nayenso ankaopa kutsekedwa kwa kampani. Anandiphunzitsa yankho: ndiziti mabuloko a nyumbazo ndi a simenti yochepa. Anandipatsanso tizidutswa ta galasi toti ndizimata ndi simenti chopingasa pamng'alu, kuti tione ngati ukukula. Tikasweka, ndiziti ana ndiwo aswa. Ndinaloweza mayankhowo ngati katekisimu. Ndinkafunitsitsa kuti a manijala azinena kuti Yotamu ndi mnyamata womvera.

Mumzere woyambirira munali nyumba ya a Sakala, mmisiri womanga wochokera ku Petauke, amene anamanga nyumba zambiri za chigawo chimenecho. Amenewo ndiwo agogo anu aamuna, amene simunawaone. Mwana wawo Esinati, mayi wanu, ndinamudziwa chifukwa cha mbendera yomweyo, poti ndinkamutulutsa m'nyumba masana alionse. Iye ndiye anayamba kundilankhula, ine sindikanatha. Pofika nthawi imene ndikunenayi ankhoswe anali atakumana kale, ndipo ndinkawerengedwa ngati mkamwini wa pakhomopo.

Madzulo ena a Sakala anandiitana kuseri kwa nyumba. Khoma la chipinda chochezera linali litang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi, kagalasi kanga kali zidutswa.

"Mwana wanga," anatero, "uona bwanji apa?"

Pakamwa panga panayankha pokha. "Kapena mabuloko anali a simenti yochepa, atate."

Sanakalipe. Anagwira dzanja langa n'kulilowetsa mumng'alumo mpaka zala zonse zinabisika.

"Mabuloko awa ndinaumba ndekha, simenti ndinathira ndi dzanja ili. Tswanya kamodzi ndi chala chako ngati ungathe." Ndinayesa, sindinathe. "Ukadzabwera ndi mawu ako, ndidzamva. Awa ndi a bwana wako, uwabwezere."

Ndinabwerera kunyumba ndikulakalaka nthaka itang'ambika n'kundimeza. Sindinadziwe kuti apongozi anga aakazi anali mkati, kuseri kwa windo lomwelo, ndipo anamva zonse. Mukudziwa mwambo wathu: mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi, sawayang'ana kumaso, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Ku Kanyama kunalibe tchire, ndinkapatukira mumgula wa madzi. Anyamata a m'tauni ankaseka mwambowo, koma ine ndinkautsata kuposa mmene unkafunikira, chifukwa kwa munthu wamanyazi unali pobisalira pabwino.

Tsiku la maliro

A Sakala anamwalira ndi chifuwa mvula yoyamba ili pafupi. Apongozi analamula kuti thupi lichoke kuchipatala m'mawa wa tsiku loika, lidzagone pang'ono m'nyumba imene mwini wake anamanga, lipemphereredwe, kenaka lole idzalitenge kupita kumanda. Masiku a maliro ndinkawaza nkhuni ndi kutunga madzi monga mkamwini. Ndinapempha tchuthi cha tsiku loikalo, koma anzanga a mbendera anali atachotsedwa ntchito, ndinatsala ndekha. Ba Chanda anandifunsa kuti maliro anyamuka nthawi yanji. Ndinati lole ibwera m'mawa, pofika masana nyumba idzakhala yopanda munthu. Atamva zimenezo anathira onga m'mabowo n'kulumikiza nthambo zamagetsi, kuti tiphulitse msanga, ine ndithamangire kumanda.

Lole sinabwere. Dalaivala anali pamzere wa dizilo. Dzuwa linafika pamutu nyumba ili yodzaza amayi oimba nyimbo zamaliro atazungulira bokosi, ambiri atatsamira khoma long'ambika lija. Ndipo kumwamba kunayamba kuda.

Ndinathamangira kukwale kukapempha kuti tidikire mawa. Ba Chanda analoza mitambo.

"Iwe, ivi vinthu sivigona. Nthambo zili kale mukati. Mphezi ikamenya pafupi vizaphulika veka, kulibe njanji, kulibe mbendela, bana bali mu njila. Nifunika kudina mvula ikalibe kufika."

A manijala anali pomwepo, thukuta lili kamukamu. Anati, "Nyumba zimenezo pamapu athu palibe. Tawamenyera njanji, amva. Kwera pamulu, tsitsa mbendera, Yotamu. Ukakana, pali anthu pageti amene akufuna ntchito yako."

Ba Chanda anangondiyang'ana. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wamkulu. Ngakhale tsikulo sindinakane ndi pakamwa. Ndinangoti, "Ndikubwera, bwana," n'kuthamanga kubwerera kumaliro mbendera ili m'mwamba.

Ndinayamba ndi abambo amene anakhala panja. Mkulu wa mpingo anamva, napukusa mutu. Anati mayi wamasiye wanenetsa kuti mwamuna wake atuluka m'nyumba yake ndi pemphero, kulowa m'lole, osati kukadikira pabwalo la mpira ngati thumba la makala. "Tayesa kale pamene njanji inalira. Kawauzeni nokha apongozi anu." Ankadziwa kuti sindingathe.

Ndinapita pakhomo. Ndinagwada pambali pa chitseko, nkhope nditalozetsa kukhoma monga mwa mwambo, mbendera nditaigoneka pansi. Ndinayamba kulankhula, koma mawu ankatuluka ngati a mwana wodwala, nyimbo n'kumawakwirira. Mayi wina anandiona nati, "Taonani, mkamwini akambirana ndi khoma." Nyimbo inazirala. Ndinanena zonse ndikuyang'ana njerwa: mphezi, nthambo, mng'alu. Apongozi sanayankhe ine, anayankha mayi amene anakhala nawo pafupi, mokweza kuti ndimve.

"Muuzeni wa mbenderayo kuti nyumba ya simenti yochepa ndi yathu. Ikagwa, igwera eni ake."

Nyimbo inayambanso. Munthu wolimba mtima akanaimirira, kulowa, kuwayang'ana kumaso apongoziwo n'kufuula. Ine ndinangotola mbendera n'kuchoka pakhomopo. Kutali kunamveka kugunda koyamba.

Kuseri kwa nyumba, pamoto wophikira, panali ambuya athu Abemba, aja a chimbuya, ndipo mtsogoleri wawo anali Bana Mwila, mayi wamkulu thupi wogulitsa zitumbuwa pamsika, amene lilime lake ankaliopa ndi apolisi omwe. Ndinawagwadira n'kuwauza.

"Manje ufuna ise tichite chani, kamudya mbewa?"

"Mutulutse bokosi, amayi. Bokosi likatuluka, onse atuluka."

Anasiya mthiko. "Uziba vamene upempha? Ise tikangena sitingena na ulemu. Tizaba uja mudala monga mbuzi. Ba pongozi bako sibazakukhululukila, na mukazi ungamuluze."

Ndinaganiza za Esinati, amene anakhala kumapazi kwa mayi ake, msana uli pakhoma lomwelo. Ndinati, "Chitani."

"Awe, si ise teka. Iwe uzankhala kutsogolo, bonse bazibe wamene watituma."

Mwambo umafuna ufa, koma ufa unali wa mzere, panalibe wotaya. Bana Mwila anakokola fumbi loyera la pakwale limene linaunjikana pawindo, nalipaka kumaso kwanga, m'tsitsi, m'makutu, pajekete limene ndinabwereka kuti ndiikire maliro. Anandipatsa mbendera m'manja n'kundikankhira pakhomo. Amayi achibemba aja analowa akuvina, zitenje atamanga m'chiuno, akuimba za mbewa, amuna awo ali pambuyo.

"Chokani, imwe badya mbewa! Uyu mudala ni mwamuna wathu, munatibela kudala! Lelo tamutenga!"

Amuna aja ananyamula bokosi. Panali kukuwa, kutukwana, ena kuseka mosafuna misozi ili m'maso, koma palibe amene anawagwira dzanja, poti mbuya pamaliro sagwidwa. Ndinayenda patsogolo pa bokosi la munthu amene ndinamunyoza, ndili mbuu ngati chinthu chotuluka kumanda, mbendera ya kampani ili m'mwamba, ana a m'komboni akuthamanga m'mbali akufuula kuti mzukwa, mzukwa. Amayi onse anatsata bokosi. Omalizira kutuluka anali apongozi, Esinati atawagwira mkono. Titafika pabwalo anadutsa pafupi nane, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinabwerera kukaona nyumba zonse za mumzerewo, chipinda ndi chipinda. Munalibe munthu. Ndinakwera pamulu, maliro onse akundiona, n'kutsitsa mbendera.

Nthaka inadumpha. Fumbi litachepa, tinaona kuti khoma la chipinda chochezera lagwera mkati, pamphasa pomwe amayi anakhala, denga litapendekera pamwamba pake. Kenaka mvula inayamba, ndipo bokosi analithamangira nalo pakhonde la sukulu. Bana Mwila anandilanda mbendera, napita kukaizika pamulu wa mabuloko ogwawo. Lole inabwera dzuwa litapendeka.

Musaganize kuti wina anandithokoza. Kumanda apongozi analira motchula mawu, monga amachitira amayi akwathu, kuti mwamuna wawo watuluka m'nyumba yake popanda pemphero, pakati pa phwete, ngati mbuzi yobedwa, ndipo nyumba yake yagwetsedwa ndi dzanja la mkamwini. Ndinaima kumbuyo kwa anthu, mvula ikusandutsa fumbi lija matope kumaso kwanga. Panalibe bodza m'mawu awo.

Zaka zotsatira

Ukwati unatsala pang'ono kutha. Amalume ake a Esinati anakhala pansi kuti abweze mawu, koma iye anawauza kuti, "Ine ndinali m'chipinda chija. Ndikudziwa pamene ndinatsamira." Anatilola, koma apongozi sanabwere kuukwati. Anasamukira kwa mng'ono wawo ku Matero. Kampani inakana kukonza nyumba imene pamapu panalibe, choncho khomalo ndinalimanganso ndekha masiku a Loweruka, mothandizidwa ndi anthu amene a Sakala anawaphunzitsa ntchito. Linatuluka lokhota pang'ono. Apongozi atamva kuti latha anaika munthu wa lendi, iwo osabwera kudzaliona.

Yankho la simenti yochepa sindinalinenenso. Sindinakangane ndi a manijala, ndinalibe mtima wotero. Anthu akandifunsa za ming'alu ndinkangoti ndi kuphulitsa kwathu, ndipo mawuwo anawafika. Sanandichotse ntchito, anandisamutsira ku chigayo cha miyala, kumene phokoso lake linandithera makutu. N'chifukwa chake mumafuula polankhula nane. Ba Chanda anayamba kugawa mabowo, kuphulitsa ochepa lero, ochepa mawa, ngakhale a manijala ankadandaula kuti miyala ikuchepa. Nthaka inkagwedezekabe, koma mbale zinaleka kugwa. Tsiku lina anandipeza kuchigayo nandifuulira m'khutu, "Mzukwa, wadya mbewa zingati lelo?" Ndinati, "Zochepa kuposa anyani anu." Anaseka mpaka kukhala pansi.

Chimene sichinathe ndi cha apongozi. Esinati ankapita ku Matero yekha. Ndikatumiza kasopo kamene ndapeza pamzere, kankabwerera momwemo. Ndipo ine, m'malo mopita kukagwada, ndinkauza mtima wanga kuti mwambo sundilola. Mwambo unali utandikana kale tsiku lija pakhomo, koma ndinkabisalabe kuseri kwake.

Ndiye unabadwa iwe, Lute. Nsalu zinali zosowa ngati china chilichonse, matewera tinkang'amba m'malaya anga akale. Tsiku limene unatuluka m'chikuta ndinali panja ndikukonza mpando, ndipo ndinaona mayi akubwera ndi kamtolo pamutu. Nditawazindikira kuti ndi apongozi ndinataya hamala, n'kugwada kuyang'ana khoma. Anandidutsa n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akulankhula ndi Esinati motsitsa, ndinamva iwe ukulira, kenaka ukutonthola. Patapita nthawi anatuluka atakunyamula, nakhala pampando wosatha kukonza uja.

"Atate ake a mwana."

Sindinatembenuke, ndikuganiza kuti pali wina amene akumutuma kwa ine.

"Tembenukani. Ndikulankhula ndi inu, khoma ndinalankhula nalo kokwanira."

Ndinatembenuka, maso ali pansi. Anamasula kamtolo kaja. Munali nyemba pang'ono, ndipo pansi pake nsalu yofiira yofwifwa ndi kuchapa, yodulidwa pakati, m'mphepete mosokedwa bwino ndi manja. Ndinaidziwa ndi mabowo a misomali imene inkaigwira kundodo. Anali ataizula pamulu paja tsiku lomwelo, ndipo anaisunga nthawi yonseyo. Chimene ankaisungira poyamba sindinawafunse mpaka imfa yawo.

"Malemu anati mudzabwera ndi mawu anuanu," anatero. "Munabwera nawo mochedwa, ndiponso munabwereka pakamwa pa Abemba. Mpaka lero ndikagona ndimamva nyimbo ya mbewa ija." Anatsitsa maso n'kukuyang'ana iwe. "Koma uyu mayi wake anatsamira khoma lija."

Anakugoneka pamiyendo, napinda chidutswa chimodzi cha mbendera, nakumanga nacho m'chiuno.

"Nsalu iyi yathamangitsa anthu m'nyumba zawo kokwanira. Tsopano igwire ntchito yoiyenera."

Esinati anaseka ali pakhomo. Ine ndinalephera kuseka, ndinalepheranso kulira, ndinangowomba m'manja ndili chogwada. Pasanathe ndi mphindi zingati unali utainyowetsa kale, ndipo agogo ako anandipatsa ine kuti ndikachape.

Linali Lamlungu lachiwiri la mwezi wa Febuluwale, m'chaka chimene chalembedwa pa chitupa chako cha ubatizo.